Anachotsa mawu a bambo ake kuti filimu ilowe

Panali munthu wina dzina lake Garth, woyendetsa chigalimoto chonyamula miyala pa mgodi wina wachitsulo ku Pilbara, m'dziko la Australia. Amene anafotokoza nkhaniyi amagwira naye ntchito, ndipo akuti zinachitikadi.

Garth ankakhala masabata awiri kumgodi, sabata imodzi kunyumba kwake ku Perth. Kumsasa wa antchito netiweki ndi ya dzina lokha, filimu imangozungulira osayamba. Choncho asananyamuke ankadawuniloda mafilimu pa tabuleti yake. Akaonera sankafufuta, ankangounjika ena pamwamba.

Tabuleti inayamba kudandaula kuti malo atha. Mkazi wake, Narelle, anamuuza mpaka kutopa.

"Lowa m'pulogalamu yoonera mafilimuyo, ufufute zimene unaonera kale. Koma uyambe wakopera mavidiyo a bambo ako pa kompyuta."

"Ndamva. Ndichita Loweruka."

"Loweruka lakoli silifika. Bweretsa ndikuchitire."

"Ndati ndichita ndekha, sindine mwana."

Bambo ake a Garth anamwalira m'mwezi wa Malichi. Miyezi yawo yomaliza m'chipatala, Garth ankawajambula ndi tabuletiyo akusimba za famu ya nkhosa kumene anakulira, akuseka, nthawi zina akuimba. Mavidiyowo kunalibe kwina kumene anali. Mlongo wake wamkulu, Robyn, anali atapempha kuti adzawaonetse abale tsiku lokamwaza phulusa la bambowo kufamuko, popeza mtembo wawo unaotchedwa.

Lachiwiri lina m'mawa Garth anali pabwalo la ndege, kudikira kubwerera kumgodi. Kunali filimu yatsopano ya magawo khumi imene anzake onse ankaikamba, iye yekha osaiona. Anadina kuti ilowe. Malo atha. Anachotsa masewera ena amene sankawasewera. Malo atha. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Zomwezo. Ndege inali itatsala mphindi makumi awiri.

"Chinthu chachabechabe ichi," anatero, akuchimenyetsa pabondo.

Bambo wina wamtali wa ndevu zofiirira, wovala malaya a kumgodi, amene anakhala pambali pake, anaseka.

"Chakukana, aise? Tapatse kuno. Zimenezi ndimakonzera anthu daily kumsasa kwathu."

Garth sanamufunse n'dzina lomwe. Anangomupatsira.

Zala za bamboyo zinkathamanga. Analowa m'masetingi n'kuloza mzere wina. "Waona? Mavidiyo ndi amene akudya malo. Ndichotse?"

"Chotsa onse, ndinaonera kale."

Bamboyo anachotsa, koma malo sanapezeke.

"Akadali m'bini. Ukapanda kukhuthula bini, palibe chimene wachita."

"Khuthula, aise, nthawi yatha."

Malo anatseguka, filimu yatsopano inalowa yonse. Garth anamugwira chanza bamboyo, yemwe ananyamula chikwama chake n'kukakwera ndege ina.

Ali m'mwamba, Garth anatsegula pulogalamu ya mafilimu. Mafilimu ake akale onse anali momwemo, magawo oposa makumi asanu ndi atatu, osachoka ndi limodzi lomwe. Anayang'anitsitsa. Ngati awa alipo, nanga chachoka n'chiyani? Anatsegula posungira zithunzi. Munali mbee. Anatsegula bini. Namonso munalibe kanthu.

Ulendowo ndi wa maola awiri. Anatsegula ndi kutseka malo omwewo mpaka ndege kutera.

Atangotsika anaimbira mkazi wake.

"Narelle, mavidiyo a bambo aja unakoperako?"

"Ndikopera bwanji tabuleti ukuikaniza? Wachita chiyani?"

Anafotokoza.

"Ine mkazi wako unandikaniza. Munthu wosamudziwa unamupatsa ndi manja awiri."

"Anati amadziwa."

"Ndiye muimbire akubwezere."

Analibe nambala yake. Anafunsa kumsasa konse za bambo wamtali wa ndevu zofiirira. Anzake anamuuza kuti theka la anthu a m'migodi ndi aatali a ndevu zofiirira.

Masabata awiriwo anamutalikira. Atabwerera ku Perth anapita kwa mayi wina wokonza zipangizo. Mayiyo anailumikiza tabuleti ku kompyuta, n'kuipenda kwa ola lathunthu.

"Mutafufuta munaikamo china?"

"Filimu ya magawo khumi."

Mayiyo anapukusa mutu. "Pepani bambo. Pa matabuleti amenewa, bini ikakhuthulidwa mwayi umakhala wochepa kale. Ndiye filimu yanuyo inakakhala pamalo pomwe panali mavidiyowo. Palibe chimene ndingatole."

Kenako anamuonetsa pofufutira mafilimu akale. Kudina katatu, theka la tabuleti linatsala lopanda kanthu. Sizinatenge ndi mphindi imodzi.

Garth anayesa kwa wokonza wachiwiri, n'kumvanso mawu omwewo. Anakhala m'galimoto nthawi yaitali asanaimbire Robyn.

"Achemwali, mavidiyo aja kulibe."

"Kulibe bwanji? Ndauza kale azakhali kuti akamvanso mawu a mchimwene wawo. Akuchokera kutali ku Albany ndi njinga yawo ya olumala chifukwa cha zimenezo."

Garth anaulula zonse, osabisa kanthu. Ankadikira kuti amukalipira, koma Robyn anafunsa motsitsa mawu.

"Filimuyo inali yabwino?"

"Sindinaionere."

"Ukaionere. Azakhali ukawauze wekha."

Robyn anadula foni.

Phunziro: Tabuleti kapena foni ikadzaza, mafilimu amene munadawuniloda amafufutidwa m'pulogalamu yomwe mumaonerayo, osati posungira zithunzi. Musanafufute chilichonse, koperani kaye zimene simungazipezenso. Musapatse mlendo chipangizo chanu chifukwa choti mwafulumira, ndipo wakwanu akakuchenjezani, chitani tsiku lomwelo. Filimu mudzaipezanso mawa, koma mawu a munthu amene anapita sabwerera. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka aja amati "ndichita Loweruka".