Chozizwa cha ba Cynthia

Belu lisanalire n'komwe, Mailesi anali atakhala kale pa benchi yakumbuyo, chitenje chake chouma gwa, yunifomu yoyera yochita kusita. Ba Cynthia, mtsogoleri wa kwaya komanso wapampando wa amayi pa kampingo ka ku Chinyunyu, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumwetulira. Si izi nanga! Anthu ena kuwanyengerera n'kutaya nthawi, amafuna kuwaopseza basi.

Chaka chonse mkaziyu ankalowa m'tchalitchi ulaliki uli pakati, chitenje chikudontha, akununkha madzi a kukasupe wotentha, aja amamveka ngati mazira owola. Aa, fungo lake! Ba Cynthia ankalumbira kuti linkawatsatira mpaka kunyumba kwawo. Munthu wamkulu, wovala yunifomu ya amayi a mpingo, n'kumakachapa kukasupe tsiku la Mulungu ngati wachikunja!

Nanga akabwera ankathandiza chiyani? Kuimba, mawu ake ngati chitseko cha malata. Kuwerenga ndiye musanene. Tsiku lina atam'patsa pemphero anangoti "Atate, Atate," n'kumangobwereza zomwezo, mpaka wina anamulanditsa ndi ameni. Amayi atakhala pansi kutchula mphatso zawo, uyu kulalikira, uyu maloto, Mailesi anawerama nati, "Ine nilibe mphatso. Nidziwa chabe kutunga madzi." Ba Cynthia anaseka mpaka misozi. Kutunga madzi! Ndiye kuti nawo abulu okoka ngolo akalandira korona kumwamba.

Sabata yatha ndi pomwe anamuuza mosapsatira. La Mulungu likudzali kukubwera mlendo, abusa Yoram ochokera ku Lusaka, ndipo mayi aliyense afike dzuwa lisanatuluke kudzasesa. Wochedwa avule yunifomu, abweze. Mailesi anatsegula pakamwa ngati anene kanthu, koma ba Cynthia anam'dula ndi dzanja. Anadziwa pomugwira: mkazi wamasiyeyu analibe chonyadira china padziko pano koma kansalu koyerako.

Ndipo mlendoyo sanabwerere Mailesi ayi. Anabwerera ba Cynthia ndi chozizwa chawo.

Amayi a ba Cynthia, ba Justina, anadwala sitiroko, mbali imodzi inafa, pakamwa panatsekeka. M'kati mwa sabata ba Cynthia ankalimbana nawo okha, kuwatembenuza, kuwapukuta, uku akudandaula msana. Koma la Mulungu likafika ankawasiyira phala pambali pa mphasa, n'kukankhira chitseko, ulendo kukakonzekeretsa kwaya m'mamawa. Pobwera masana, taonani! Gogo uja ali khale pakhonde, wosamba, wodzola mafuta, duku lomanga bwino, zofunda zili pachingwe. La Mulungu lililonse, osaphonya. Ba Cynthia sanavutike n'kufunsa kwa aneba. Afunsirenji? Zinali zoonekeratu kuti iwo akakweza mawu m'nyumba ya Ambuye, mphamvu zimatsikira m'mafupa a amayi awo. Umboniwo anaupereka kutchalitchi, kumsika, m'maminibasi a ku Rufunsa, mpaka unakafika ku Lusaka.

Lero ndiye anaimba ngati akufuna kusasula denga. Abusa Yoram ataimirira, ba Cynthia anakonza kolala yawo, kudikira kumva dzina lawo. Koma abusawo anayamba ndi zina. Anati Mulungu safunsa munthu chimene alibe. Anati wina ali ndi mawu, wina ali ndi msana wolimba, wina ali ndi miyendo chabe, ndipo wodziona wopanda pake ndiye amene Mulungu amakonda kum'tuma. Ba Cynthia anagwedeza mutu mwaulemu, koma m'mtima anati awa ndi maulaliki otonthoza aulesi. Anacheuka kumbuyo. Mailesi sankamva n'komwe. Anali kuyang'ana pawindo, kupotokola zala, kusuntha pabenchi ngati wakhalira nyerere. Ndithu mtima wake unali kukasupe, kuzochapa zake. Manyazi alibe!

Pomaliza abusa anati mpingo wonse upite kunyumba kwa ba Cynthia, ukaone ndi maso ntchito ya Ambuye. Nthungululu zinalira. Kwaya inatsogola ndi nyimbo, madikoni pambuyo, achinyamata atakweza mafoni awo kuti ajambule gogo wodzisambitsa yekha. Ba Cynthia anaima pakhomo la tchalitchi pafupi ndi mlendo, chifuwa chili patsogolo, akumva kukoma mpaka m'zala.

Apo ndi pomwe wina anawakoka malaya. Mailesi.

"Ba Cynthia, nipempheko mawu amodzi pambali."

"Kamba pompano," anatero ba Cynthia mokweza, kuti abusa amve momwe amawetera nkhosa zovuta. "Tilibe zobisa m'nyumba ya Mulungu. Ufuna kuthawira kukasupe, eti?"

"Inde," anayankha Mailesi, maso ali pansi. "Muuzeko kwaya iyende pang'onopang'ono, nithamange nikatunge madzi otentha. Munati nikachedwa nivule yunifomu, ndiye lero sininapite kukasambika amayi anu. Akali gone momwe munawasiyira."

Kutsogolo, kwaya inali itakhota kale panjira yolowera kwa ba Cynthia.