Kapepala ka Mayi Malee

"Mundilembereko malo odyera abwino," anatero Kenan, amene amapita ku Chiang Mai, m'dziko la Thailand, kukaphunzitsa Chingelezi.

Mayi Malee, eni lesitilanti ya Chithai ku Indianapolis, ku America, anali ataona pa TV apolisi akuthamangitsana ndi anthu a zionetsero kwawoko. Analemba kapepala m'chilankhulo chawo.

"Ukangofika, ukapatse wa takisi."

Takisi inalambalala tauni n'kukamutula pakhomo pa bambo wina wansangala, amene atawerenga kapepalako anatseka geti n'kuyamba kumudyetsa.

"Makasitomala ena ali kuti?" anafunsa Kenan.

"Ino si lesitilanti," anaseka bamboyo. "Mlongo wanga walemba kuti ndinu wachidwi kwambiri, musatuluke mpaka kukhale bata."

Kenan anayang'ana geti, kenako mbale yake.

"Ndiye muonjezereko nkhukuyo."