Chopukusira cha Bedi la a Dalaiva

Panali munthu wina, dalaiva wa mathiraki, amene anafa miyendo pa ngozi ya pamsewu. Ankagona pa bedi lokhala ndi chopukusira kumiyendo: ukapukusa, kumutu kumadzuka, munthu n'kukhala tsonga. Chinali cholimba zedi moti akazi awo sankachitha. Ndiye m'mawa uliwonse mng'ono wawo ankabwera kudzapukusa, madzulo n'kudzawagonekanso.

Koma mng'onoyo kuchedwa kwake, ayi ndithu!

"Iwe, ndiziyang'ana denga mpaka masana?"

"Mukanenepa chonchi, achimwene, ndiyamba kubwera ndi anzanga."

Ankakangana choncho tsiku ndi tsiku. Akatha kupukusa, mng'onoyo ankakhala pampando n'kumwa tiyi, uku akusimba za mpira ndi za anthu a mumsewu wawo.

A Dalaiva anatopa n'kudikira munthu. Anaitana mmisiri kuti aike mota yamagetsi pa bedilo, kamkono kachitsulo kotalika ndi kufupika ukadina batani.

Mmisiriyo anati, "Bambo, pali mtundu wina wokhala ndi kachitsulo kokoka. Mukakoka, mota imamasuka, bedi n'kumapukusidwanso ndi manja. Ndipatseni nthawi ndiufufuze."

"Za manjazo ndi zimene ndikuthawa. Ikani imene muli nayoyo, chopukusiracho mudule."

Mmisiri anadula, n'kuwotcherera.

M'mawa mwake mng'onoyo anapeza achimwene ake ali tsonga kale, akumwetulira, batani lili m'manja. Anayamikira ndithu. Anaima pakhomo, manja m'thumba, osadziwa choti agwire. Anali mwa anthu aja amene sadziwa kuzonda wodwala popanda ntchito yogwira. Tiyi anakana. Anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako zii.

Abale, chipinda chija chinakula. A Dalaiva ankadzuka nthawi imene afuna, koma ankadzukira kuyang'ana chitseko. Geti likalira ankatchera khutu, n'kupeza kuti ndi mphepo. Anamusowa mng'ono wawo, anasowa ngakhale chipongwe chake chija. Koma kunena kuti "bwera, ndakusowa" pakamwa pankalemera.

Tsiku lina anauza akazi awo kuti azule pulagi kukhoma, amuimbire foni mlamu wawo kuti bedi lafa.

Mng'onoyo anafika ali wefuwefu, malaya atamanga mabatani mophonya. Sanapereke ndi moni yemwe. Anapinda manja a malaya, n'kugwada kumiyendo kwa bedi monga kale. Anapapasa, anapapasanso. Dzanja lake linangopeza chitsa cha chitsulo chowotcherera.

Kenako anaona chingwe chili pansi, anachitola, n'kuchilowetsa kukhoma. Anadina batani, bedi n'kudzuka lokha.

"Latheka, achimwene. Linangozuka pulagi."

"Sukhala pansi? Tiyi ali pamoto."

"Ndasiya ntchito pakati."

A Dalaiva anamva geti likutsekeka. Masana omwewo anaimbira mmisiri uja.

"Mota yomasuka ija, ifufuzeni chonde."

"Mota ipezeka, bambo. Nanga wopukusayo alipo?"

A Dalaiva anangoyang'ana kuchitseko.

Phunziro: Poika makina m'nyumba, siyani malo a dzanja la munthu, ndipo mmisiri akakulangizani muzimva. Anthu ena sadziwa kunena kuti amakukondani, amangobwera kudzakugwirirani ntchito. Mukawalanda ntchitoyo mwawatsekera khomo. Tumizani nkhaniyi kwa abale anu, makamaka amene mwakhalitsa osawaona.