Matayala Akana Kutsika

Mafuta ofiira anali atanyowetsa nsapato za Anselmo. Anayesanso kupopa ndi dzanja, koma paipi yotsitsira matayala a ndege inali itaphulika.

"Palibe tayala latuluka," anatero mkazi wake Griselda pa wailesi, akumuyang'ana ali pansi. "Lekani kupopako, terani chafufumimba pamsipupa."

"Chafufumimba? Zaka khumi ndakhala ndikuikhoma m'galaja ndege imeneyi!"

"Mukuuza ndani? Mpando mwakhalirawo ndinasoka ndine."

Anselmo anazunguliranso minda ya soya, petulo ali pafupi kutha.

"Iphwasukatu, Griselda."

"Iphwasuke! Mapulani ake ali m'kabati, tikhoma ina. Nanga mapulani a inuyo ndikawapeza kuti?"

Anselmo anasiya chopopera chija. Anapukutira dzanja pamalaya, n'kulozetsa ndege kumsipu.