Pansi pa Phazi la a Zakeyo

Mzungu wa boma la Chitaganya anatsegula botolo la mankhwala n'kuponyamo buluzi wachiwiri ali wamoyo. Buluziyo anapalasa galasi ndi timiyendo take, khosi lake lofiira likuzilala, kenaka anangoti zii pambali pa mwamuna wake.

A Zakeyo, mkulu wa mpingo wa ku Katete, ndiwo anakola abuluziwo ndi khwekhwe la udzu. Bwanayo anali atawauza kuti akungofuna kujambula abuluziwo, poti abuluzi otere sapezeka kwina kulikonse koma pansonga pa phiri lino.

"Bwana, Nowa analowetsa ziwiriziwiri kuti zikhale ndi moyo," anatero a Zakeyo.

"Izinso siziola, madala," anaseka mzunguyo. "Alipo ena?"

Moto wa osaka mbewa unali utapsereza phiri lonse. Pathanthwe pomwe anaimapo panatsala kamwana kamodzi ka buluzi, ndipo kanathawira kuphazi la a Zakeyo lopanda nsapato. A Zakeyo anakweza chidendene pang'ono nakabisa. Ankamva kamtima kake kakugunda pakhungu lawo.

"Atha, bwana," anayankha, uku akupempha Ambuye awakhululukire bodzalo.

"Basi, senza katundu titsike."

Mzunguyo anawasenzetsa bokosi la mabotolo, lolemera ngati mphero. A Zakeyo analimbikira, osatsitsa chidendene, akutchula dzina la Yesu chamumtima. Bwanayo anasanjikapo hema, anasanjikaponso mfuti yake.

Chidendene chinatsika, ndipo kugunda kuja kunaleka.