Mvula ya Lachinayi

Mvula inagwa Lachinayi masana, itadula masabata anayi athunthu. Inamupeza Fainess ali kale m'munda, ndipo sanathawe.

Munda umenewu, kuseri kwa Chamama, anamusiyira ndi malemu mayi ake. Fainess ankadziwa pamene madzi amadikha ndi pamene pali mchenga wokhawokha. Fodya wa chaka chino ndiye anamukhetsera thukuta. Nazale ankathirira kawiri pa tsiku, madzi ochokera kudambo, ndowa pamutu mpaka khosi kuuma gwa. Koma atangowokera mu Disembala, kumwamba kunayera mbee. Dzuwa lokhalokha, tsiku ndi tsiku. Masamba anayamba kulendewera ngati makutu a mbuzi.

Nanga munthu n'kutani? Mvula ya masiku ano ilibe mwezi wake. Chaka chatha inakokolola mizere, chaka chino yangosowa. Kunyumba chimanga chinatha kalekale, ana ankagonera mango aawisi ophika. Aliyense wodutsa pamsewu ankangopukusa mutu, ati fodyayo watsala masiku atatu kuti apserere.

Tsopano inali kugwa mvula yeniyeni, yodekha, yolowa pansi. M'minda yoyandikana amayi ankaimba nthungululu. Cornelius, mwamuna wake, anabwera chothamanga atanyamula chidebe cha feteleza.

"Mayi a Sellah, mwaona? Fodya uyu adzuka. Pofika Lamulungu simudzamuzindikira."

"Ndaona," anayankha Fainess motsitsa mawu.

Anayamba pomwepo nthaka ikadali yonyowa. Cornelius ankaboola ndi kamtengo pambali pa phando lililonse, Fainess n'kumathira feteleza ndi kachitsekero ka botolo, n'kukwirira ndi chidendene. Mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Fodyayo anali atapulumuka ndithu, ngakhale mwana akanaona. Akadzayanikidwa m'chigafa adzakhala wa masamba aatali, wolemera, uja ogula sakangana naye. Komabe mtima wa Fainess unkawawa kwabasi, maganizo ali kutali moti feteleza wina ankatayikira pambali.

Kumsewu kunaima njinga yamoto. Anatsika a Mphepo, a golosale ya pamsika, atafunda ambulera.

"Mayi, feteleza wangayo musamwaze choncho. Ndipo mizereyi ithe lero, apo ayi ganyu ndipatsa ena."

Fainess anawerama n'kupitiriza. Mundawo, ndi fodya wake yemwe, anali atagulitsa kwa a Mphepowo Lolemba lapitalo, pa matumba atatu a chimanga.