Anankafumbwe a Nankhoma

Chaka chilichonse mbewu inkayesedwa ndi nyali ya boma. Ukathira chimanga m'mbale, kuwala kofiira kukaphethiraphethira, ndiye kuti mbewu ili moyo. Kukangoti duu, munda ulandidwa.

Chimanga cha Nankhoma chinali chitafa ndi kutentha. Ndiye mayiyu anatapa anankafumbwe m'nkhokwe, n'kuwathira m'thumba la mbewu.

"Amake Tiyese, mutimangitsatu," ananong'ona mwamuna wake ali pamzere wokayezetsa mbewu.

"Khalani chete, inu. Tawadyetsa zaka zonsezi, lero atigwirireko ganyu."

Tizilomboto tinayendayenda pansi pa chimanga, kuwala kunavina, mlembi wa boma n'kudinda chikalata. Munda unapulumuka.

Pobwerera mwamunayo anafunsa, "Nanga tidzala chiyani?"

Nankhoma, wapakamwa uja, anangosenza thumba lake, anankafumbwe akukukuta m'katimo.